Chaka chathunthu pamsewu: mabanja ozungulira Australia akukoka nyumba kumbuyo

Mwezi wa Epulo ukamapita kumapeto, chisanu chikayamba kuluma m'mizinda ya kummwera kwa Australia, misewu yolowera kumpoto imadzaza ndi apaulendo a mtundu wina. Ma Land Cruiser, ma Prado, ma Hilux ndi ma Ranger amatuluka mu Melbourne, Sydney ndi Adelaide mondondozana, galimoto iliyonse ikukoka kanyumba kumbuyo. Ambiri mwa oyendetsawo ndi agogo opuma pantchito, amene anzawo amawanena moseka kuti ndi oyendayenda a imvi, othawa kuzizira chaka ndi chaka. Koma pamzere womwewo pamapezekanso galimoto zomwe padenga pamangidwa tinjinga ta ana. Amenewa ndi mabanja omwe atseka nyumba, kapena aikamo alendi, enanso agulitsa kumene, achotsa ana kusukulu, ndipo sakuyembekezeka kubwerera mpaka chaka chitatha. Akupita kukazungulira dziko lawo lonse, ulendo umene kumeneko umadziwika kuti Big Lap.

Kuzungulira Australia si masewera. Msewu wa Highway 1, umene umatsata gombe n'kulumikiza malikulu a zigawo, ndi wotalika pafupifupi makilomita 14,500. Dziko la Malawi lingalowe mu Australia maulendo pafupifupi 65, koma anthu okhalamo ndi cha m'ma 27 miliyoni basi, ndipo unyinji wawo unaunjikana m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja. Mkati ndi kumpoto mungayende theka la tsiku osaona denga. Popeza palibe amene amangotsata phula osapatuka, si zachilendo kuti banja lifike kwawo litawonjezera makilomita 30,000 pa galimoto.

Kwathu kuno ulendo umakhala ndi mutu wake: maliro, chinkhoswe, geni, kukazonda odwala. Munthu wosiya nyumba yamagetsi ndi madzi a m'mipope kuti azikagona m'tenti ndi ana timamuyang'ana kawiri, monga timachitira ndi alendo a ku South Africa aja amene amadutsa msewu wa kunyanja ndi ngolo zawo zafumbi kupita ku Cape Maclear kapena ku Chitimba. Eni ulendo akafunsidwa amanena za ufulu, ndipo zithunzi zawo pa Instagram ndi YouTube zimawavomereza: moto wa madzulo, ana opanda nsapato, gombe lopanda munthu. Sindikutsutsa kuti ufuluwo ulipo. Koma ukauyang'anitsitsa, ndi ufulu wokhala ndi mabwana ambiri. Sikelo ndi bwana, mvula ndi bwana, mtunda wa pakati pa malo omwetsera mafuta nawonso ndi bwana. Ndipo pansi pa zonsezo pali zinthu zomwe sizigwidwa ndi kamera: lamulo la tchuthi, sukulu yophunzitsa mwana ali kutali, dokotala wobwera pa ndege, ndi nthaka yomwe ili ndi eni ake.

Nyumba ya matayala awiri

Banja la ndalama zambiri limagula kalavani, chinyumba chathunthu cha bafa, chimbudzi ndi makina ochapira. Banja wamba, titi bambo ndi pulambala, mayi ndi namwino, ana awiri a kupulayimale, kawirikawiri limasankha ngolo yogonamo. Ikakhala panjira ngoloyi ndi bokosi lachitsulo chabe, lofika m'chifuwa, loyenda pa matayala awiri. Ndi yotsikirako mtengo, yopepuka, ndipo imalowa m'misewu yomwe kalavani ingathyoke msana. Kuipa kwake kumaoneka madzulo aliwonse.

Afika pamalo ogona cha m'ma 4 koloko. Bambo akubweza ngolo chafutambuyo, mayi ali panja akuwongolera ndi manja, ndipo amene anafika kale akhala pamipando yawo, chakumwa m'manja, kuonerera, pakuti kubweza ngolo ndilo sewero la madzulo pamalo otere, ndiponso ndi pomwe maukwati ambiri amayesedwa. Akaima amaika zipika kunsi kwa matayala, amatsitsa katayala kakutsogolo, n'kumasula ngolo ku galimoto. Kenako levulo. Ngolo ikapendekeka pang'ono chabe, usiku wonse aliyense amagubuduzikira mbali imodzi ndipo madzi a m'sinki satsika. Akakankha chivindikiro tenti imatambasuka yokha mwatheka. Theka linalo ndi la mapolo, zingwe, zikhomo ndi hamala. Nthaka ya kumpoto m'chilimwe ndi youma gwaa, zikhomo zimapindika, n'chifukwa chake ozolowera amanyamula drilo ndi zikhomo zolowa mopota. Khitchini imasololoka m'mbali mwa ngolo: mbaula ya gasi ya mapuleti awiri, kasinki, kabati ya mbale zosasweka. Firiji imadya batire, batire imadalira sola, choncho ntchito ya mwana wamkulu ndi kusuntha sola kuti izitsata dzuwa. Banja lomwe manja azolowera limamaliza zonsezi pa theka la ola. M'mawa ayambanso, mobwerera, ndipo ngati kunagwa mvula kapena mame, tenti imapindidwa yonyowa n'kukagona pamwamba pa matiresi tsiku lonse.

Chilichonse chimapita pa sikelo. Lamulo limati ngolo yopitirira makilogalamu 750 ikhale ndi mabuleki akeake, ndipo galimoto iliyonse ili ndi malire a zomwe ingasenze ndi zomwe ingakoke. Odziwa amati pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa ngolo lizitsamira pa chitsulo chokokera. Likachepa, katundu atachulukira kumbuyo, ngolo imayamba kuvina liwiro likakwera, ndipo ikavina kwambiri imagudubuza galimoto. Likachuluka, galimoto imakhala pansi kumbuyo, matayala akutsogolo amapepuka, chiwongolero osamveranso. Chomwe chimapusitsa ambiri n'chakuti kulemera kwa pachitsulopo kumawerengedwa ngati katundu wa galimoto, pamodzi ndi anthu anayi, chitsulo chotchinga kutsogolo, firiji, mafuta ndi matayala apadera. Ena akakwera sikelo amapeza kuti adutsa kale malire asanaikemo ngakhale chakudya. Apolisi amayeza m'misewu, ndipo kampani ya inshuwalansi ikhoza kukana kulipira ngati ngozi yachitika galimoto italemedwa. Apa ndiye pamayamba kusankha: njinga kapena jenereta, mabuku kapena zigubu za madzi. Madzi ndiwo amapambana. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, thanki ya ngolo imatenga malita 100 kapena kupitirirako pang'ono, ndipo anthu anayi akamamwa, kuphika ndi kutsuka mbale, kusamba kusiya kaye, masiku a thankiyo ndi owerengeka.

Ntchito amaisiyira ndani?

Yankho lili m'lamulo lomwe mayiko ochepa ali nalo. Ku Australia munthu akagwira kwa bwana mmodzi zaka 10 amapatsidwa tchuthi chachitali cholipidwa, kupatula tchuthi cha pachaka: miyezi iwiri ku New South Wales, masabata 13 ku South Australia, pomwe ku Victoria angayambe kuchitenga atakwanitsa zaka 7. Chiyambi chake n'chachitsamunda. M'zaka za m'ma 1860 maboma a Victoria ndi South Australia ankalola antchito a boma amene atumikira nthawi yaitali kukwera sitima kukaona kwawo ku Britain, ulendo wapanyanja wa miyezi. Pambuyo pake mabungwe a apantchito anamenyera kuti mwayiwo ufikire aliyense. Tchuthi chomwe chinakonzedwa kuti anthu achokeko ku Australia ndicho lero akuonera Australia. M'ntchito zina amaloledwa kuchitambasula polandira theka la malipiro, ena amawonjezerapo tchuthi chosalipidwa. Namwino kapena pulambala amatha kuima mwezi m'tauni yosowa antchito, agwire ganyu, thumba lifufume, ulendo upitirire. Lendi ya nyumba yosiyidwa ija ndiyo imabweza ngongole ya kubanki.

Mliri wa Covid-19 unathira mafuta pamoto. Boma linatseka malire mu Malichi 2020, ndipo nzika zinaletsedwa kutuluka m'dziko popanda chilolezo mpaka Novembala 2021. Ndalama zomwe zikanakathera ku Bali ndi ku London zinapita ku makalavani, mafakitale anapanikizika ndi maoda, ndipo chiwerengero cha makalavani, ngolo ndi galimoto zogonamo zolembetsedwa chinadutsa 800,000.

Ana nawo sangangosowa m'kalasi. Sukulu ndi yokakamiza, choncho makolo amawalembetsa kusukulu yophunzitsa patali ya m'chigawo chawo, kapena amapempha boma kuti aziwaphunzitsa okha. Dzikoli linazolowera kalekale kuphunzitsa mwana amene mphunzitsi sakumuona. Ku Alice Springs, School of the Air inayamba mu 1951, kuphunzitsa pa wailesi ana a m'mafamu a ng'ombe otalikirana makilomita mazanamazana. Masiku ano ndi pa intaneti, ndipo kambale ka Starlink padenga kasintha zambiri. Komabe masamu a mwana wa zaka 9 amafuna munthu wokhala naye pansi, ndipo pa tebulo lopinda, ntchentche zikulowa m'maso, ana a ngolo yoyandikana akumveka kusambira, munthuyo kawirikawiri amakhala mayi.

Mvula ndiyo imalemba ndondomeko

Mabanja ambiri amayamba ndi kumpoto, kenako kumadzulo, n'kubwerera kudzera kummwera. Chifukwa chake ndi nyengo. Kumpoto kwa Australia kuli dzinja kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi chilimwe kuyambira Meyi mpaka Okutobala. M'dzinja mitsinje imasefukira, boma limatseka misewu yafumbi, anamondwe amabwera kuchokera kunyanja, ndipo m'tenti simugoneka ndi chifundi. Choncho aliyense amafuna kukhala ku Darwin ndi kudera la Kimberley mu Juni ndi Julaye, kutsikira kugombe la kumadzulo mu Ogasiti ndi Seputembala maluwa akutchire akamachita, ndi kudutsa chipululu cha kummwera dzuwa lisanalume, mphepo ikukankha kumsana, zomwe zimapulumutsako dizilo. Zotsatira zake n'zoseketsa. Anthu othawa piringupiringu wa m'tauni amakapezana onse malo amodzi mwezi umodzi, ndipo ku Broome kapena ku Exmouth malo oimika ngolo amasungitsidwa miyezi yambiri pasadakhale.

Ukali wa mvulayi unaonekera mu Januwale 2023, pomwe mtsinje wa Fitzroy unasefukira kuposa kale lonse n'kugumula mlatho wa pa Fitzroy Crossing. Mlathowo unali pamsewu wokhawo wa phula wolumikiza kummawa ndi kumadzulo kwa Kimberley. Malole a chakudya anayamba kuzungulira kudzera ku South Australia, ulendo wa makilomita masauzande, mpaka njira zongoyembekezera zitakonzedwa. Mlatho watsopano unatsegulidwa mu Disembala chaka chomwecho.

Pamsewu penipeni mfumu ndi chilole chomwe amachitcha road train, chokoka ngolo zitatu kapena zinayi, chotalika mpaka mamita 53.5. Kuchipitirira ukukoka ngolo kumafuna msewu woonekera kutali zedi, ndipo chikamabwera kutsogolo pamsewu wopapatiza wanzeru amapatukiratu n'kuima. Pafupifupi galimoto iliyonse ili ndi wailesi yolankhulirana, oyendetsa malole amakhala pa tchanelo 40, ndipo ulemu wake ndi kumuuza wa lole kuti wamuona kumbuyo ndipo uchepetsa liwiro iye akayamba kudutsa, osati asanayambe. Dzuwa likapendeka aliyense amafuna akhale atafika, popeza madzulo ndi mbandakucha ndiyo nthawi ya ma kangaroo, ndipo ng'ombe za m'mafamu opanda mipanda zimabwera kudzagona paphula.

Pamalire a Northern Territory ndi Western Australia, pafupi ndi Kununurra, pali chipata chimene chimadabwitsa ana. Dziko ndi limodzi, pasipoti safunsa, koma wapachipata amatsegula firiji, makabati ndi mabokosi, n'kulanda zipatso, ndiwo zamasamba zosaphika ndi uchi, pofuna kuteteza minda ndi njuchi za chigawocho ku tizilombo ndi matenda. Usiku woti mawa awoloka, pamalo ogona apafupi pamanunkhira mphika wokhawokha, aliyense akuphika zonse zomwe watsala nazo, ndipo amene akulowera kwina amalandira matumba a malalanje kwaulere. Mawotchi nawo amabwezedwa ola ndi theka.

Mayeso a Gibb

Mayeso enieni a ngolo ndi eni ake ndi Gibb River Road, makilomita pafupifupi 660 pakati pa Derby ndi dera la Kununurra ndi Wyndham. Anaulambula m'zaka za m'ma 1960 kuti malole azitengera ng'ombe kumadoko, ndipo mbali yaikulu ikadali yafumbi. Msewuwu umachita mizere ngati lata lofolera nyumba, mizere yomwe matayala a galimoto zodutsa amaiumba okha. Ukayenda pang'onopang'ono mano amagundana. Ukathamanga kugwedezeka kumachepa, koma matayala sagwira pansi bwino ndipo pokhota galimoto imangoterereka. Asanalowe, bambo amagwada pa tayala lililonse, onse 6 kuphatikiza a ngolo, kuphwetsako mpweya kuti tayala lifewe, lisabooledwe ndi miyala yakuthwa. Pagalasi lakumbuyo amamatapo katoni, chifukwa mwala wolasidwa ndi tayala umagunda ngolo n'kubwerera kudzaswa galasilo. Akaima paliponse amagwira pakati pa gudumu la ngolo ndi dzanja: pakatentha kwambiri ndiye kuti ma bearing akupsa, ndipo gudumu likhoza kuguluka. Madzulo ndi sipanala, kumanga mabawuti omwe amasuka masana. Mazira amasweka m'firiji, zitini zimakhulana mpaka kubooka, ndipo fumbi lofiira limalowa paliponse, m'masupuni, m'mabulangete, m'makutu mwa ana.

Chakummawa kwa msewuwu kuli mtsinje wa Pentecost, wopanda mlatho. Kwina kulikonse malangizo amati uyambe walowa m'madzi wapansi kuti uone kuya kwake. Pano ayi. Muli ng'ona za m'madzi amchere, zomwe zazimuna zimatha kupitirira mamita 5. Zinatsala pang'ono kutha ndi alenje a zikopa, koma Northern Territory itaziteteza mu 1971 zinaswana kuchoka pa masauzande ochepa kufika pafupifupi 100,000 m'chigawo chimenecho chokha, ndipo ku Kimberley nakonso zachuluka. Choncho banja limaima pagombe kudikira kuti galimoto ina iwoloke, kuti aone pomwe madzi akulekezera pachitseko ndi mzere womwe yadutsa. Malangizo a boma amati tenti ikhale mamita 50 kuchoka pamadzi, ndipo usamatunge pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, chifukwa ng'ona imaphunzira chizolowezi cha munthu. Wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje sangafune chikwangwani kuti adziwe zimenezi.

Ku Kimberley ndiko munthu wochokera kwathu angatikite m'maso, pakuti m'mbali mwa msewu mwaima milambe. Ndi mtundu wakewake wa kumeneko, wachibale wa mlambe wathu ndi ya ku Madagascar, ndipo akatswiri sanagwirizanebe za momwe unawolokera nyanja. Kunja kwa Derby kuli mlambe waukulu wamphako umene alendo amauzidwa kuti apolisi ankatsekeramo akaidi Achiaborijini m'zaka za m'ma 1890. Ofufuza mbiri ena akuti umboni woti munkatsekeredwadi anthu palibe. Chosakayikitsa ndi zithunzi za nthawi imeneyo za amuna omangidwa maunyolo m'khosi, akuyendetsedwa kupita kundende, ambiri pa mlandu wobaya ng'ombe zomwe zinkadya pa nthaka yawo ndi kuipitsa zitsime zawo. Kupatuka pang'ono pamsewuwu kuli Tunnel Creek, phanga lomwe mtsinje umadutsa kunsi kwa phiri, mmene ana amayenda m'madzi, matochi pamphumi, akukuwa ndi chisangalalo. M'phanga limenelo ndimo munkabisala Jandamarra wa mtundu wa Bunuba, amene poyamba ankathandiza apolisi kulondola anthu, kenako anawatembenukira n'kulimbana nawo pafupifupi zaka zitatu, mpaka anaphedwa pomwepo pa 1 Epulo 1897.

Apa ndi pomwe nkhani yoti dzikoli ndi lopanda anthu, yomwe apaulendo amakonda kunena, imasowa poima. Anthu akhalamo zaka zoposa 50,000, ndipo chitsime chilichonse ndi phiri lililonse zili ndi dzina ndi mwini. Khoti lalikulu linavomereza zimenezi mochedwa, pa mlandu wa Mabo mu 1992. Lero kulowa ku Arnhem Land kumafuna chilolezo cha Northern Land Council, ndipo banja lopatukira pakati pa dziko kukaona Uluru limapeza kuti thanthwelo linabwezedwa kwa a Anangu mu 1985, ndipo kulikwera kunaletsedwa pa 26 Okutobala 2019. Miyezi yomaliza chiletso chisanayambe anthu anakhamukirako n'kupanga mzere pathanthwe, chonsecho eni ake anakhala akupempha kwa zaka zambiri kuti lisakweredwe. Ndikaona zithunzi za mzere umenewo ndimakayika ngati kuyenda pakokha kumaphunzitsa munthu kanthu.

Msewu wosakhota

Chigawo chachikulu chomaliza ndi Nullarbor, chigwa cha mwala wa laimu chopanda mitengo, kummwera. Kuchokera ku Norseman kufika ku Ceduna ndi makilomita pafupifupi 1,200 a Eyre Highway, ndipo pakati palibe tauni yeniyeni, koma malo omwetsera mafuta okhala ndi podyera ndi zipinda zogona, ena otalikirana makilomita pafupifupi 190. Magetsi ndi a jenereta, madzi ndi osowa moti kusamba n'kolipira, ndipo mtengo wa dizilo umachititsa bambo kuima kaye, mpope uli m'manja, kuwerengera. Pakati pa Balladonia ndi Caiguna msewu umayenda makilomita 146.6 osakhota ngakhale pang'ono, ndipo mdani pamenepo ndi tulo. Zikwangwani zachikasu zimachenjeza za ngamila, kangaroo ndi wombat. Ngamilazo ndi zidzukulu za zomwe zinabwera ndi oziyendetsa ochokera ku Afghanistan ndi India m'zaka za m'ma 1800. Malole ndi sitima zitabwera zinamasulidwa n'kusanduka zakutchire. Ku Balladonia ana amaonetsedwa zidutswa za Skylab, chombo cha m'mlengalenga cha America chomwe chinagwera m'derali mu 1979, ndipo amaseka akamva kuti khonsolo ya Esperance inalembera NASA chindapusa cha madola 400 chifukwa chotaya zinyalala. Ku Head of Bight, kuyambira Juni mpaka Okutobala, anamgumi amabwera kudzaswana kunsi kwa maphompho, ndipo amaoneka bwinobwino munthu ataima pamtunda.

Msewuwu, umene phula lake linamalizidwa mu 1976, unatenga dzina la Edward John Eyre, amene anadutsa gombeli wapansi mu 1841. Mnzake John Baxter anaphedwa panjira, ndipo Eyre anakafika ku Albany ndi mnyamata Wachiaborijini, Wylie. Anafika awiri, msewu unatenga dzina la mmodzi. Eyre yemweyo ndi amene anadzakhala bwanamkubwa wa Jamaica n'kuphetsa anthu oposa 400 pothetsa kuukira kwa ku Morant Bay mu 1865. Kumpoto kwa msewu, kuseri kwa njanji, kuli Maralinga, kumene Britain inaphulitsa mabomba a nyukiliya 7 mu 1956 ndi 1957. Anthu a m'derali anali atasamutsidwira ku Yalata, mudzi umene apaulendo amaudutsa pa liwiro la makilomita 100 pa ola, ambiri osadziwa chomwe unakhalira pamenepo.

Pamsewu womwewu pali chinthu chimene chimafotokoza chifukwa chomwe mayi angalolere kupita ndi mwana wa zaka 5 kutali chonchi. M'malo angapo m'mbali mwa msewu munalambulidwa motakata, ndipo paphula panajambulidwa mizere yoyera ikuluikulu. Ndi bwalo la ndege. Pakachitika ngozi msewu umatsekedwa, ndege ya Royal Flying Doctor Service n'kutera pomwepo. Ntchitoyi anaiyambitsa m'busa wa mpingo wa Presbyterian, John Flynn, ku Cloncurry mu 1928, ndi ndege imodzi yobwereka ku kampani ya Qantas, ndipo chaka chotsatira wailesi yopalasa ndi miyendo ya Alfred Traeger inayamba kufika m'mafamu opanda magetsi kuti anthu aziitanira dokotala. Mawailesi omwewo ndi amene sukulu ya ku Alice Springs ija inadzayambira. Nkhope ya Flynn ili pa ndalama ya madola 20. Ndalama zoyendetsera ntchitoyi zimachokera ku boma ndi kwa akufuna kwabwino, ndipo m'malo omwera a kumidzi kachitini kake sikasowa pakauntala. Popeza mbali yaikulu ya dzikoli ilibe netiweki ya foni, banja lanzeru limanyamula kachipangizo kotumiza mfuu ya ngozi ku setilaiti, ndipo lamulo lomwe mwana aliyense amaloweza ndi lakuti galimoto ikafa, osaisiya. Ofunafuna ali m'ndege amaona galimoto msanga kuposa munthu, ndipo si kamodzi kuti galimoto yapezeka, madzi ali momwemo, mwini wake atafera ndi ludzu makilomita angapo patsogolo.

Za m'banja mwenimwenimo n'zovuta kuziyeza. Anthu anayi amagona motalikirana mkono umodzi kwa miyezi 12, popanda chitseko choti munthu amenyetse akakwiya. Bambo amene kunyumba ankaona ana ola limodzi madzulo tsopano amadziwa amene amaopa mdima ndi amene amanama kuti watsuka mano. Ana amapeza anzawo madzulo, m'mawa n'kutsanzikana, ngakhale kuti popeza onse akuthamangitsidwa ndi nyengo imodzi amakapezananso patsogolo. Agogo amatsala kutali, ndipo uthenga wa maliro ukawapeza ku Kimberley ngolo imasungitsidwa, anthu n'kukwera ndege. Ena amabwerera miyezi itatu isanathe, ndalama zitatha kapena giyabokosi itafa, ndipo amenewo sakonda kulemba nkhani zawo.

Obwerera bwino amapeza zina zikuwadikira. Ngolo imatsukidwa n'kuikidwa pamsika. Ana amabwerera m'kalasi, ena ali patsogolo pa kuwerenga koma kumbuyo pa masamu. Amene anaika alendi amalowa m'nyumba zawo. Koma pakati pa amene anagulitsa nyumba kuti apeze ndalama za ulendo pali ena amene analira: mu 2021 mokha mitengo ya nyumba ku Australia inakwera ndi 20 peresenti ndi kupitirira, moti ndalama zomwe anasunga sizikanagulanso nyumba yonga yomwe anagulitsa. Lendi nayo yakwera, ndipo nyumba zochita lendi zikusowa m'mizinda ndi m'matauni ang'onoang'ono momwe. N'chifukwa chake m'malo ambiri oimika makalavani muli magulu awiri a anthu. Kutsogolo, kufupi ndi dziwe losambira, kuli apaulendo. Kumbuyo, chakumpanda, kuli makalavani omwe matayala anaphwa kalekale, mmene mukukhala okalamba a penshoni yochepa ndi mabanja ogwira ntchito amene asowa nyumba, ana awo akunyamuka m'mawa ndi yunifolomu kukakwera basi ya sukulu. Eni malo ena akuchotsa anthu oterewa kuti amangepo tinyumba ta alendo, timene usiku umodzi timabweretsa ndalama zambiri kuposa zomwe wokhazikika angalipire.